NKHOKWE SIYOSUNGIRA ZITSONONKHO

Anzanga, ndifuna kudzudzula khalidwe lina limene ndaliona pakati pathu, ngakhale inenso ndili mmodzi wa olakwa. Sabata yatha ndinafuna kusunga chimangirizo changa pa kompyuta ya m'laibulale, koma inakana, pakuti malo anali atatha. Aphunzitsi atafufuza anapeza zithunzi zofanana zambirimbiri, nyimbo imodzi yosungidwa kanayi, ndi makalata akale amene palibe amawawerenga. Zina mwa izo zinali zanga, ndipo ndinachita manyazi.

Ena amati, "Nanga vuto lili pati? Tiziponya pa intaneti, kumene malo satha." Ine ndikana. Zimene tiponya kumeneko sizikhala m'mitambo ayi. Zimakhala m'nyumba zazikulu zodzaza ndi makina oyaka usana ndi usiku, ndipo pakuti makinawo amatentha, pamafunikanso magetsi ena owaziziritsira. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti m'chaka cha 2024 nyumba zotere zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi. Ku Ireland, m'chaka cha 2023, zinadya 21 peresenti ya magetsi oyezedwa pa mita m'dzikomo. Magetsi amenewa satuluka chabe. Alipo amene amawalipira.

Kale malo osungira zinthu m'kompyuta anali a mtengo wapatali. M'chaka cha 1956 kampani ya IBM inatulutsa chosungira cha mbale 50 zozungulira, cholemera pafupifupi tani imodzi, koma chinkasunga zilembo 5 miliyoni zokha. Zithunzi ziwiri za foni ya lero zikhoza kuchidzaza! Chotero anthu a masiku amenewo ankayamba aganiza asanasunge kanthu. Ife tapeza malo ochuluka, koma nzeru ija tayitaya.

Inde, ndivomera kuti kufufuta chithunzi chimodzi sikupulumutsa magetsi ambiri. Koma akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo osunga zinyalala zotere tilipo ochuluka pa dziko lino. Kodi kwanu mudaonapo amayi akuthira zitsononkho m'nkhokwe, chimanga chili panja? Akatero, abambo amanga nkhokwe yachiwiri pachabe.

Tsono pempho langa ndi ili: tsiku Lachisanu lililonse, monga tisesa pabwalo la sukulu, tisesenso m'kompyuta ndi m'mafoni athu. Pa zithunzi zisanu zofanana tisiye chimodzi chabwino. Ine ndayamba kale, ndipo chimangirizo changa chija chapeza malo.

Wophunzira wa Fomu 3