Chifuwa Chachikulu Sichifunsa Chiphaso

Pakati pa chaka cha 2025, pachipata cha chipatala cha Addington mumzinda wa Durban panayamba kuima anthu amene sanali madokotala, anamwino kapena apolisi. Anali a gulu la March and March, lotsogozedwa ndi Jacinta Ngobese-Zuma, ndipo anadzipatsa okha ntchito yofunsa odwala zitupa. Wopanda chitupa cha South Africa ankabwezedwa, kaya ndi mayi woyembekezera, kaya ndi wodzalandira ma ARV.

Palibe lamulo linawatuma. Gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo, a 1996, limapereka ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense, osati nzika zokha, ndipo limaletsa kumana munthu chithandizo chadzidzidzi. Mu Novembala 2025, pa mlandu wa Operation Dudula, gulu la maganizo omwewo, khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti munthu wamba alibe mphamvu yolamula mnzake kuonetsa chiphaso.

Dandaulo lawo loti mizere ndi yaitali ndipo mankhwala amasowa ndi loona. Bodza lili pa amene akumuloza chala. Kalembera wa 2022 anapeza obadwira kunja pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni, osakwana anayi pa zana lililonse. Pomwepo, pachipatala chimodzi chokha cha Tembisa, ofufuza a boma anaulula mu 2025 kuti panabedwa ndalama zoposa R2 biliyoni, ndipo Babita Deokaran, amene anayamba kuloza katangaleyo, anaomberedwa mu 2021. Mbava zija sizinachokere ku Mangochi. Koma ndi chapafupi kukankha mayi wa mwana kumsana kusiyana ndi kugogoda pakhomo la mkulu wa matenda a boma.

Chigawo cha KwaZulu-Natal chinayenera kudziwa bwino kuposa china chilichonse. Ku Tugela Ferry, mu 2005 ndi 2006, kunapezeka chifuwa chachikulu chosamva mankhwala ambiri, ndipo mwa odwala 53 anamwalira 52. Chifuwa chotere chimakula pamene wodwala wadukiza mankhwala. Mmalawi wobwezedwa pachipata sakwera basi ya ku Blantyre. Amabwerera ku Isipingo kapena ku Sydenham, nakakhosomola m'minibasi momwe mwakhala ana a omwe anamubweza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa Amalawi nkhaniyi si yachilendo. Azigogo awo anapita ku migodi pa Wenela, nabwerera ndi mapapo odzaza fumbi kukafera kumudzi. Mu 1988 boma la tsankho linawanena kuti ndiwo akubweretsa Edzi, ndipo Malawi atakana kuti aziyezedwa magazi asanalembedwe, anthu pafupifupi 13,000 anataya ntchito. Thupi la mlendo limafunika likakhala lamphamvu. Likadwala limasanduka mlandu. Chomvetsa chisoni n'chakuti maganizo a nthawi ya tsankho alowa m'kamwa mwa ana a amene anazunzika nalo.

Mlandu waukulu uli pa akuluakulu a zaumoyo ndi apolisi amene analekerera chipata cha chipatala cha boma m'manja mwa anthu wamba. Nalo boma la Malawi, lomwe mu 2015 linatumiza mabasi kukatenga nzika zake zothawa chipolowe ku Durban, lisamadikire maliro kuti lilankhule. Pakhomo la chipatala funso loyenera ndi limodzi: mukumva kuwawa pati?