Mphatso za Khrisimasi Zicokere m'Manja a Eni Mudzi

Masukulu ali pafupi kutsekera, ndipo posacedwa mabasi a pa mseu wa Great East adzayamba kudzaza ndi anthu ocokera ku Lusaka ndi ku migodi, opita kukadyera Khrisimasi ndi Caka Catsopano kwao ku Nyimba, Petauke, Katete, Chadiza, Chipata ndi Lundazi. Iyi ndi nyengo ya cimwemwe, ndipo palibe amene angaletse munthu kukondwera pamodzi ndi abale ake. Koma ndi pa nyengo yomweyi pamene mabanja ambiri a m'midzi amamwaza ndalama zimene anazipeza mobvutika pogulitsa cimanga, nshawa, soya ndi thonje. Zidole za pulasitiki zogula pa msika zimathyoka mlungu usanathe, maluwa a mapepala amasuluka ndi cinyontho, ndipo pofika m'Januwale m'thumba mumakhala mulibe kanthu.

Mwezi wa Januwale ulibe cifundo ndi munthu wosakonzekera. N'zoona kuti kuyambira m'caka ca 2022 Boma linathetsa malipiro a sukulu m'masukulu ake, koma yunifomu, nsapato, makope ndi zolembera zikali pa mapewa a makolo. Mwezi womwewo cimanga cimafuna feteleza wobereketsa, ndipo m'nkhokwe zambiri cakudya cimakhala citatsala pang'ono kutha. Anthu a m'Cigawo ca Kum'mawa sanaiwale cilala cimene cinaumitsa mbeu m'minda, kufikira kuti pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagweredwa ndi tsoka. Amene anaona njala imeneyo adziwa kuti kwaca imodzi yosungidwa m'Disembala imapulumutsa mwana m'Febuluwale. Cifukwa cace ndi bwino kuti banja liri lonse liganizire njira yokondwerera masiku akuluwa popanda kugulitsa thumba la cimanga kapena kutenga ngongole ya katapira.

Njira imeneyi iripo kale m'midzi, ndipo ndi yakale kuposa masitolo onse. Makolo akale anali kulandira mlendo pa mphasa yosoka okha, kumpatsa madzi m'cikho ca mphonda yolima okha, ndi kumperekeza ndi dengu loluka okha. Mkazi wokwatiwa kumene anali kulowa m'nyumba yace ndi mthiko, cipande, licero ndi mphika, zonse zopangidwa ndi abale ake. Akulu anati kupatsa n'kuika, ndipo mphatso yoikika bwino ndi imene wolandirayo adzaigwiritsa nchito tsiku ndi tsiku nakumbukira amene anampatsa. Licero lolukidwa bwino limapeta ufa zaka zingapo. Mayi wokhala ku Kanyama kapena ku Chawama amene walandira licero lotere kucokera kwa mlongo wace wa ku Katete adzam'chula dzina nthawi iri yonse pamene apeta mpunga.

Nchito ya manja imafuna kukonzekera nthawi ikalipo. Bango, nsungwi ndi mlaza zimadulidwa ndi kuumikidwa mvula isanakhazikike, pakuti zolukidwa ndi zipangizo zaziwisi zimacita nkhungu ndi kufumbwa msanga. Miphika ndi mitsuko nayonso iyenera kuumbidwa ndi kuocedwa dzuwa likali kuwala, cifukwa dothi losauma bwino limasweka pa moto. Amene ali nazo kale zipangizozi azisunge pa khonde kapena pa tsindwi, pamalo posafika madzi ndi ciswe. Amene anacedwa asataye mtima, pakuti pali zambiri zimene zingapangidwe ndi zinthu zopezeka pakhomo nyengo iri yonse.

Azimai amene ali ndi singano ndi ulusi angasoke zidutswa za citenje zotsala kwa telala ndi kupanga zikwama za mabuku, nsaru za pa thebulo, zobvundikira cakudya ndi timadiresi ta makanda. Thumba la ufa lotha nchito, likacapidwa ndi kulowetsedwa timizere ta nsaru zakutha, limasanduka copondera ca pakhomo cokongola ndi colimba. Thumba lomwelo likadulidwa ndi kusokedwa lamba limakhala cikwama ca mwana wa sukulu, ndipo ndalama imene ikadagula cikwama ca m'sitolo imagula makope. Odziwa kuluka mlaza angapange mikeka, zipewa ndi timadengu toikamo mazira. Abambo angaseme mithiko, zipande, mipini ya makasu ndi timipando, kapena kusoka mphasa ndi cingwe ca khonje. Mpini wa khasu wosemedwa bwino ndi mphatso yoyenera kupatsa apongozi pa nyengo ya kupalira. Cikho ca mphonda cingalembedwe maluwa kapena dzina la wolandira ndi kacitsulo kotenthetsa pa moto.

Ana nawonso ali ndi gawo lao, ndipo luso lao ndi lodziwika. Anyamata amapinda waya wakale ndi kupanga magalimoto okhala ndi ciongolero cacitali, mawilo ace a zitsekero za mabotolo kapena zidutswa za patapata wakutha. Amaumba ng'ombe za dothi za nyanga ndi linunda, namanga cimpombwa ca mapepala a pulasitiki ndi zingwe, cimene cimaseweredwa pa bwalo mpaka dzuwa kulowa. Asungwana amabveka citsononkho kansaru ndi kucisandutsa mwana wobereka kumbuyo, naumba timiphika ta masanje. Makolo ena amakalipira ana pa zinthu izi ngati kutaya nthawi. Kumeneko ndi kulakwa. Mwana amene wapinda waya kufikira mawilo atazungulira pamodzi waphunzira kuyeza, kulinganiza ndi kupirira, ndipo zimenezi ndizo zimene amakanika, akalipentala ndi omanga nyumba amadyera. Kuongola mtengo mpoyamba.

Kukongoletsa nyumba nakonso sikufuna sitolo. Ndi mwambo wa midzi yambiri kuti Khrisimasi ikayandikira azimai ndi asungwana amazira pansi ndi kujambula maluwa ndi mizere pa makoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Bwalo losesedwa, khonde lozira bwino ndi mphasa yatsopano zimauza mlendo kuti anali kuyembekezeredwa. Mwambo uwu uyenera kusungidwa, ndipo ana aamuna angathandize potuta dothi ndi kutunga madzi.

Phindu lalikulu koposa la nchito zimenezi ndi lakuti zimasonkhanitsa banja pamodzi. M'midzi yambiri odziwa kuluka licero kapena kuumba mtsuko atsala owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba. Nkhalamba yotere ikamwalira isanaphunzitse munthu, luso lace limaikidwa nayo m'manda, ndipo mudzi umene unali kugulitsa madengu umayamba kugula mabeseni. Chuthi ca Disembala ndi nthawi imene adzukulu okulira m'tauni amakhala pamodzi ndi ambuye ao. Ndi bwino kuti lamya iikidwe pambali kwa maola owerengeka, mdzukulu akhale pansi, agwire nsungwi ndi mpeni, naone m'mene zala za ambuye ace ziyendera. Pa mphasa pomwepo ndi pamene pamaturuka nthano, zirapi ndi mbiri ya mtundu. Thabwa la nsolo la mizere inai ya maenje, losemedwa ndi bambo pamodzi ndi ana ace, lidzasangalatsa banja madzulo ambiri, ndipo lidzasunga anyamata pakhomo pa masiku amene anzao amathera ku mowa.

Alipo amene adzati nyengo ino ndi ya kubzala ndi kupalira, ndipo munthu alibe nthawi yoluka madengu. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo munda uyenera kukhala patsogolo pa zonse. Koma mlimi ali yense adziwa kuti alipo masana a mvula yosakata pamene khasu silingalowe m'munda, ndiponso madzulo pamene anthu amangokhala pa khonde. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kusema mthiko kapena kusoka cikwama. Alipo enanso amene amacita manyazi kupereka cinthu copanga okha kwa mbale wocokera m'tauni, poopa kuti adzacipeputsa. Iwowa ayenera kudziwa kuti anthu a m'tauni omwewo amaimitsa galimoto pa mlatho wa Luangwa ndi kugula madengu, mikeka ndi zipewa ndi ndalama zao. Cimene amagula pa mseu sangacikane pocilandira kwaulere kucokera m'manja a mbale wao.

Apa ndi pamene paonekera kuti luso loyambira pa mphatso lingathe kudyetsa banja. Ku Lusaka, mudzi wa Kabwata Cultural Village, umene unapatulidwa m'caka ca 1974, ndi malo amene osema ndi oluka amagulitsira nchito zao kwa alendo. Ku Mfuwe, pafupi ndi nkhalango ya South Luangwa, azimai amapeza malipiro pojambula nsaru ndi manja, ndipo ena amapanga zokongoletsa za m'khosi ndi m'manja ndi waya wa misampha wocotsedwa m'thengo. Pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni m'Febuluwale ndi pa Kulamba ku Mkaika m'Ogasiti pamasonkhana anthu zikwizikwi, ndipo wokhala ndi katundu wabwino sabwerera naye. M'caka ca 2018 Boma linakhazikitsa lamulo loletsa timatumba ta pulasitiki topyapyala, ndipo dengu la mlaza ndi cikwama ca citenje ndizo zoyenera kulowa m'malo mwace pa msika. M'caka ca 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu ali yense, ndipo gawo lina la ndalamazi linapatulidwira magulu a azimai ndi acinyamata ndiponso maphunziro a nchito za manja. Makalabu a m'midzi afunse makhansala ao za m'mene angalembetsere.

Pali zinthu zina zofunika kucenjera nazo. Mitengo ya mlombwa ndi ina ya matabwa yatha m'malo ambiri, ndipo lamulo la nkhalango la 2015 limafuna cilolezo podula mitengo yogulitsa. Wosema mthiko kapena mpini agwiritse nchito nthambi ndi mitengo yakugwa kale, ndipo wodula nsungwi asankhe zokhwima ndi kusiya zanthete kuti tsinde liphukenso. Waya wa galimoto ya mwana ucokere ku zinthu zotha nchito. Kudula waya wa magetsi kapena wa mpanda wa mwini ndi mlandu, ndipo kungaphetse munthu. Mwana akadzicheka ndi waya wa dzimbiri atsukidwe bala ndi kupita naye ku cipatala cifukwa ca matenda a kafumbata. Zitini ndi mabotolo a mankhwala a thonje kapena a mbeu zisasandutsidwe zoseweretsa kapena zomwera, ngakhale zitatsukidwa. Ana asapite okha kukakumba dothi m'mphepete mwa mitsinje yodzaza, kapena kukadula bango kumene kuli ng'ona. Ndiponso zinthu za Gule Wamkulu ziri ndi eni ace ndi malamulo ace, ndipo siziyenera kutsanziridwa ngati zidole.

Mafumu ndi anyakwawa angathandize kwambiri poitana odziwa nchito za manja kuti aphunzitse acinyamata pa bwalo tsiku limodzi pa mlungu m'nyengo ya chuthi. Aphunzitsi angauze ana kuti potsegulira sukulu ali yense abwere ndi cinthu cimodzi copanga yekha. Mipingo, pokonza maphwando a Khrisimasi, ingalimbikitse akhristu kupatsana zopanga okha, kuti wosauka asacite manyazi pamaso pa wolemera. Mabungwe a azimai a m'mipingo ndi makalabu angasonkhe zidutswa za nsaru ndi kusokera ana amasiye ndi nkhalamba zopanda owasamala.

Khrisimasi ndi tsiku limodzi, koma caka ciri ndi miyezi 12. Banja limene lidzapereka licero, mkeka ndi galimoto ya waya lidzakondwera mofanana ndi limene lagula za m'sitolo, ndipo m'Januwale lidzakhala ndi ndalama ya feteleza ndi yunifomu, pamodzi ndi mwana amene waphunzira kugwiritsa nchito manja ace. Bango likali pa dambo ndipo okalamba odziwa kulisoka akali moyo. Nthawi yoyamba nchito ndi ino.