Mutu ndi wawo, mpango ndi wawonso

Amangwetu, sabata yatha ndinatsika minibasi pa Jenda kuti ndigule tomato. Mayi amene ndimawagula masiku onse ndinawapeza atavala hijabu. Mayiwa ndi Mngoni weniweni, anakulira mu CCAP cha ku Embangweni, kwaya ankayimbanso. Lero ndi Msilamu.

Anzawo a pabenchi pakamwa sipakuuma. Ena akuti apeza bambo wa Chiyawo. Ena akuti atsatira mpunga wa pa Eid. Ine ndinafunsa eni ake.

"Adumbu," anatero, "bambo a kwathu analowa Joni kalekale, ngakhale foni sayimba. Palibe mwamuna anandikoka dzanja. Kumzikiti ndinapita ndi miyendo yangayi."

Akuti chinawagwira mtima ndi ichi: kuno ku Mzimba ng'ombe za malowolo zimakalowa m'khola la bambo ako, ana n'kukhala a kuchimuna. M'Chisilamu mahari ndi a mkazi mwini wake, ndipo ndalama ya geni yake ndi yake basi. Koma sanandinamize kuti kumeneko n'kumwamba ayi. Mitala iliko uku ndi uko, ndipo kumzikiti nako otsogolera ndi abambo.

Vuto lili apa: azilamu awo (ndati azilamu, osati Asilamu) awopseza kuti akapanda kuvula mpangowo atenga ana. Anthu amene sanagulepo ngakhale kope la mwana!

Tisaiwale msanga abale. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku, mpaka linachotsedwa mu 1993. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe anavula amayi chifukwa cha buluku lomwelo. Mu 2019 ku Balaka atsikana anabwezedwa kusukulu kaamba ka hijabu. Dzulo timati valani zazitali, lero tikuti mwavala zambiri. Kodi mayi adzafunsidwa liti maganizo ake?

Ine sindikulalikira chipembedzo cha munthu. Ndikungoti wokakamiza mayi kuvala hijabu ndi wokakamiza mayi kuivula, onsewa ndi pamtsuko ndi pamphika, mwaye wake ngofanana.

Inu a pamsika, mayi amene amadzuka 4 koloko kukapikula tomato, n'kuwerengera phindu pamtima popanda kakyuleta, angalephere kusankha kopemphera?

Tomato ndinagula, basera anandiikira ngati kale. Tionane sabata ya mawa.