CHENJEZO KWA MABANJA ACHINYAMATA A KU MANDIMBA, NGAUMA NDI CUAMBA

Makolo anzanga, makamaka inu amene muli ndi ana aang'ono, imvani izi musanatuluke pakhomo ndi ndalama za Khirisimasi. Mvula yayamba, misika yadzaza, ndipo ofuna kukudyerani masuku pamutu nawonso sakugona. Zimene mugule ndi kumene mupite m'masabata akubwerawa zikhoza kukuliritsani mpaka Febuluwale.

1. Yang'anani tsiku pa paketi musanalipire. Nyengo ino ndi imene ogulitsa ena amatulutsa katundu amene wakhalitsa m'sitolo n'kumutsitsa mtengo. Mkaka wa ufa, mabisiketi, juwisi ndi nsomba za m'chitini, zonsezi zitembenuzeni kaye. Katundu wa kuno amalembedwa "validade", pomwe wolowa kudzera pa Chiponde amalembedwa "best before" kapena "EXP". Tsiku likakhala lofufutika kapena lomatidwa kapepala pamwamba, chisiyeni. Chitini chotupa kapena cha dzimbiri sichilowa m'nyumba mwanu ngakhale atakupatsani ulere. Nkhuku ya mufiriji imene yafewa, ikutuluka madzi kapena ikumveka kafungo ndiye kuti magetsi atazima inasungunuka. Mukapeza sitolo yogulitsa zotere, kauzeni akuluakulu oyendera malonda kapena a boma la dera lanu.

2. Ufa umene unanyowa n'kuchita nkhungu utayeni. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa pombe pamaliro. Poyamba anthu ankati wina anathiramo ndulu ya ng'ona, koma akatswiri atayeza anapeza poizoni wochokera ku tizilombo tomera mu ufa wa chimanga woonongeka. Poizoni ameneyu satha ndi kuwiritsa. Thobwa la ana anu limachokera mu ufa ngati womwewo. Musanene kuti ufawu sungaphikidwe nsima koma thobwa ulola. Ukakanika nsima, wakanika zonse.

3. Madzi akumwa tengani anu. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho inabuka m'boma la Lago kuno ku Niassa. Matendawa sadikira kudinditsa pasipoti pa malire. Wiritsani madzi kapena thiranimo mankhwala a Certeza, muike m'chigubu chotseka cha paulendo. Ana musawagulire madzi oundana a m'timapepala amene simukudziwa kumene anatungidwa. Mango a pamsika atsukeni ndi madzi otetezedwa, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

4. Ndalama werengani ndi manja anu. Amene mukukagula kapena kukaona abale ku Mangochi ndi ku Namwera, dziwani kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo umene mukuukumbukira ndi wakale. Funsani anthu awiri kapena atatu musanasinthe. Wosintha akakuwerengerani yekha mothamanga, kapena akapempha kuti mumubwezere mpukutuwo awerengenso, tengani meticais anu muchokepo. Pafoni napo samalani. Uthenga wonena kuti mwapata mphoto, kapena kuti ndalama ija mutumize pa nambala ina, ndi wa akuba. Nambala yanu yachinsinsi ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Akanena kuti m'bale wanu wadwala, muimbireni m'baleyo pa nambala imene mukuidziwa musanatumize kalikonse.

5. Ulendo ukhale wa masana. Msewu wa N13 wochoka ku Cuamba kudutsa Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga uli ndi phula, ndipo madalaivala ena amathamanga mopitirira muyeso kuti abwereze maulendo. Minibasi (chapa) ikadzaza kale, dikirani ina. Dalaivala akamanunkha mowa, tsikani ngakhale mwalipira. Bambo, mayi wobereka mwana, mwana wina pakati ndi thumba la mpunga pa njinga yamoto imodzi, umenewo si ulendo. Mtsinje ukasefukira pa mlatho musayese kuwoloka. Kwa agogo tengani masikito anu, chifukwa malungo amachuluka nthawi ya mvula ndipo kumudzi masikito sakwanira alendo. Amene mukupita cha ku nyanja ya Amaramba, ana asasewere m'madzi odikha a m'mabango, mumene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

6. Patulani za Januwale lero. Sukulu zikatsegulidwa padzafunika yunifolomu, makope ndi nsapato. Chimanga chakumunda chidzafuna feteleza wobereketsa, ndipo mtengo wa chimanga pamsika umakwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikayamba kuoneka pansi. Musagulitse thumba la chimanga kuti mugule zovala za tsiku limodzi, chifukwa thumba lomwelo mudzaligula modula ana akulira njala. Katapila wa chikondwerero musatenge. Khalani pansi awirinu, mulembe zogula, mugwirizane ndalama yake, ndipo kumsika mupite ndi yokhayo. Nkhuku ya pakhomo, mpunga ndi kabichi zimakwana phwando, ndipo mwana wa zaka zitatu sadziwa mtengo wa malaya amene wavala.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, kusanza mosalekeza, kutentha thupi kapena kukomoka, musadikire kuti kuche kapena kuti chikondwerero chithe. Mupatseni madzi a mchere ndi shuga a m'paketi ya kuchipatala pang'onopang'ono, woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo. Anthu angapo akadwala atadya kapena kumwa chinthu chimodzi, onse apite kuchipatala, chotsalacho musataye koma mupite nacho kuti akachione.

Uthengawu auzeni anzanu kutchalitchi, kumzikiti, pachitsime ndi pa gulu lanu losonkherana ndalama (xitique), makamaka amene sadziwa kuwerenga.