Mulungu tikumufuna kutali chonsecho ali pakhomo

Mwezi wathawu mayi ena a kumpingo kwathu adandidandaulira kuti Mulungu wawataya. Nditafunsa chomwe chachitika, adati azungulira mafeloshipi atatu, agona kuphiri kawiri, agula mafuta odzozedwa ndi madzi omwe, koma palibe mneneri ndi mmodzi yemwe amene adawaitanapo kutsogolo n'kuwauza za moyo wawo.

"Anzanga akugwa, akupatsidwa uneneri, ine ndimangobwerako ngati ndimakaonerera mpira," adatero mayiwo.

Tikucheza chonchi n'kuti tili pakhonde la nyumba yawo. Kuseri kudali mayi wa Mvano akuphika phala la amuna awo a mayi odandaulawo, omwe akhala chigonere kwa miyezi isanu atafa ziwalo mbali imodzi. Amayi a Mvanowo amasinthana masiku: uyu kuchapa, uyu kutunga madzi, wina kubwera ndi kambale ka ufa. Lendi ya miyezi iwiri adasonkha ndi akhristu a mumlaga mwawo. Koma mayiwo mtima wawo udali utatsimikiza kuti Mulungu sakuwaona.

Sindikuwanena ayi, chifukwa tilipo ambiri otere. Masiku ano tazolowera kuganiza kuti Mulungu akafika pamalo pamayenera kugwedezeka. Pakhale zimkuzamawu, wina akuwe, wina agubuduzike, mneneri atchule nambala ya foni yako ndi dzina la agogo ako. Zikapanda kutero timabwerako tikuti lero mzimu kudalibe. Ine ndikuona kuti maganizo amenewa akutichititsa khungu, ndipo akutidyera ndalama, thanzi ngakhalenso ubale.

Chodabwitsa n'chakuti Baibulo lomwe timanyamula Lamulungu lililonse limatichenjeza za khungu lomweli. Pa 1 Mafumu 19, Eliya akuthawa Yezebeli adafika potopa mpaka kupempha imfa. Thandizo loyamba lomwe adalandira lidali mkate, madzi ndi tulo, basi. Atafika paphiri la Horebu kudabwera chimphepo, kenako chivomerezi, kenako moto, koma nkhaniyo imati Mulungu sadali m'zonsezi. Adamuyankhula m'kamawu kapansipansi.

Namani, mkulu wa asilikali a ku Siriya, adapita kwa Elisa ndi khate lake akuyembekezera mwambo waukulu. Elisa sadatuluke n'komwe m'nyumba. Adangotuma munthu kukamuuza kuti akasambe kasanu ndi kawiri mumtsinje wa Yordano. Namani adakwiya, ndipo akadabwerera kwawo ndi khate lakelo pakadapanda antchito ake kumukhazika mtima pansi. Tisaiwalenso kuti amene adayambitsa ulendo wonsewo kadali kamtsikana kogwidwa kunkhondo kamene kankagwira ntchito kwa mkazi wake.

Nanga ophunzira awiri aja a pa Luka 24? Adayenda ndi Yesu panjira yopita ku Emau, mudzi wa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 11 kuchokera ku Yerusalemu, akumufotokozera za imfa yake yomwe, osamuzindikira. Adamuzindikira atakhala pansi kuti adye, iye atanyema mkate. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tibwere kwathu kuno. Amene tidakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira momwe maliro adalili. Sabata simkatha osamva belu la maliro, ndipo ukalipentala wa mabokosi udasanduka bizinesi yotentha m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Tidalira, tidapemphera, tidasala kudya. Mu 2004 boma lidayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala. Anthu amene tidawataya kale mumtima adadzuka, adabwerera kuntchito, lero ena akulera zidzukulu. Ngati limeneli si yankho la pemphero, ndiye yankho limaoneka bwanji? Koma poti lidabwera m'kabotolo ka pulasitiki kudzera pawindo la kuchipatala, ambiri sitiliwerengera. Choopsa n'chakuti alipo ena amene amasiya kumwa mankhwalawa atauzidwa kuti achiritsidwa, mapeto ake timakawaika m'manda. Amataya chozizwa chomwe adali nacho m'manja pofuna china chaphokoso.

Kumbukiraninso Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera. Ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu omwe. M'dziko lonse anthu oposa 1 000 adamwalira kapena kusowa. Makina asadafike, anyamata a m'deramo adali atayamba kale kufukula anzawo ndi makasu, mafosholo ngakhalenso manja. Masukulu ndi matchalitchi adasanduka malo ogona. Anthu amene nawonso alibe kanthu adatulutsa zitenje, mabulangete ndi ufa wawo wotsala. Palibe amene ankafunsa mnzake kuti umapemphera kuti.

Pitani kumalo kogona odikirira odwala ku Gulupu kapena pachipatala chilichonse cha boma. Mukapeza mayi wochokera ku Nsanje akugawana nkhuni ndi mchere ndi mayi wa ku Mulanje amene sadamuonepo chibadwire. Wina ufa ukamuthera, mnzake amaonjezera chipande chimodzi mumphika mwake. Wodwala wa wina akatsikira kulichete, amene amayamba kumugwira dzanja wofedwayo ndi alendo omwewo. Pamenepo palibe kamera, palibe envelopu ya chopereka.

Wina anena kuti: "Aaa, izitu ndi umunthu chabe, ngakhale munthu wosapemphera amachita." Zoonadi amachita, ndipo ku Chilobwe Asilamu ndi anthu osalowa m'tchalitchi adakumba nawo limodzi. Koma mkhristu amakhulupirira kuti chabwino chilichonse gwero lake ndi Mulungu, ndipo Mulunguyo sapempha chilolezo kumpingo kuti agwiritse ntchito munthu. M'fanizo lija, amene adatola munthu wovulazidwa ndi achifwamba adali Msamariya, wansembe atalambalala. Pa Mateyu 25 Yesu akudziika yekha mwa wanjala, wodwala, mlendo ndi wam'ndende. Ndiye kuti pamene mbale ya nsima ikuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo, mkhristu ayenera kutsegula maso.

Funso lolemera ndi la mayi amene adataya ana ake m'matope aja. Iyeyo chizindikiro chake chili kuti? Apa mpofunika kusamala pakamwa. Ena adathamangira kunena kuti chidali chilango cha machimo. Chimenecho n'chipongwe kwa ofedwa. Abwenzi ake a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba aja pamene adangokhala naye pansi osanena kanthu. Adalakwa atayamba kumufotokozera chifukwa chomwe akuvutikira. Makolo athu ankachidziwa chimenechi, n'chifukwa chake pamaliro timapita kukagona pasiwa, kusonkha moto ndi kuimba mpaka kucha. Kwa wofedwa, nthawi zambiri Mulungu amaoneka mwa anthu amene sadamusiye yekha usiku umenewo.

Sindikukana kuti zozizwitsa zilipo, ndiponso sindikuti kupemphera kuphiri n'kulakwa. Yesu mwini wake ankakwera phiri kukapemphera. Nkhawa yanga ili pa njala ya zizindikiro yomwe yatsegulira khomo anthu adyera. Munthu akugulitsa mbuzi, mwinanso feteleza wa kumunda, kuti akaonane ndi munthu wa Mulungu payekha. Kumeneko akauzidwa kuti amene akumutsekera mwayi ndi agogo ake kumudzi. Mawa tikumva kuti gogo wamenyedwa kapena kuphedwa pomuganizira ufiti, chonsecho lamulo la dziko lino, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndiye tingasiyanitse bwanji? Yesu adatipatsa muyeso wosavuta: mtengo umadziwika ndi zipatso zake. Ngati chimene mukuchitcha chizindikiro chakusiyani ndi mantha, ngongole ndi chidani pa abale anu, kaikiraniponi. Ngati chakupatsani mphamvu yokhululukira mlamu wanu amene simuyankhulana naye zaka zitatu, yobweza chenji chomwe wogulitsa tomato wakupatsani molakwitsa, kapena yodzuka m'mawa n'kukasambitsa wodwala popanda kung'ung'udza, pamenepo pali dzanja la Mulungu ngakhale palibe amene wagwa pansi.

Abusa ndi atsogoleri a mipingo, nanunso tithandizeni. Nthawi ya maumboni isamakhale ya okhawo amene agula galimoto kapena apeza viza. Mpatseni mpata bambo amene watha chaka osalawa kachasu. Mpatseni mpata mayi wamasiye amene waphunzitsa ana anayi ndi geni ya mandasi. Akhristu akamangomva maumboni a chuma, osauka amabwerera kunyumba akuganiza kuti Mulungu adawaiwala.

Mayi aja ndidawafunsa funso limodzi lokha ndisadatsanzike: "Kodi mayi, amene akutakasa phala kuseriku wawatuma ndani?" Adakhala chete kanthawi, kenako adadzuka n'kupita kukawathandiza kupakula.

Madzulo ano, musadagone, tawerengani anthu amene akuchitirani zabwino kuyambira m'mawa. Mukatha, dzifunseni ngati alipo amene akukuwerengani inuyo.