Za Umoyo wa pa Banja: Mawanga Akuda Pankhope

Mwezi wa October ukafika, dzuwa la ku Kafue silicita cifundo. Amai ogula nsomba ku doko la Chanyanya, olima m'madimba ndiponso ogulitsa malonda m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Livingstone amakhala padzuwa kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Iyi ndiyo nyengo imene ambiri a iwo amadandaula ndi mawanga akuda amene amafalikira m'masaya, pamphumi ndi pamwamba pa mlomo.

Vuto limeneli madotolo amalicha melasma. Si nthenda yopatsirana, si ufiti, ndiponso si cizindikiro ca uve. Limadza pamene khungu lipanga utoto wake wacibadwa mopyola muyeso. Dzuwa ndi kutentha ndizo zimalisonkhezera, makamaka kwa mai amene ali ndi pakati kapena akumwa mapiritsi olera. Mawanga odza ndi pakati kawirikawiri amazilala okha m'miyezi yotsatira kubadwa kwa mwana. Ena amatsala pamene panali ziphuphu, makamaka ngati mwini wake anali kuzifinya ndi zikhadabo.

Tsoka limayamba pamene mai, pofuna kucira msanga, athamangira kumsika kukagula mafuta oyeretsa khungu. Amai acikulire akumbukira Ambi wa zaka za m'ma 1970, pamodzi ndi citonzo cija cakuti nkhope Fanta, miyendo Coca-Cola. Maina a pamabotolo anasintha, koma zoopsa za m'kati mwa ambiri zikali zitatu: hydroquinone, steroid ndi mercury.

Hydroquinone ndi mankhwala enieni, ndipo dotolo angamlembere munthu kwa miyezi yowerengeka. Koma akadzoledwa zaka ndi zaka, amabweretsa cimene anafuna kucotsa. M'caka ca 1975 Dotolo G. H. Findlay ndi anzake ku Pretoria anafotokoza za amai amene masaya awo anada bii ndi kucita timiyala tokhakhala cifukwa ca mafuta otere. Nthendayo ichedwa ochronosis, ndipo kuiciza n'kobvuta zedi. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola wamba m'caka ca 1990.

Steroid, monga wa m'timacubu ta Betnovate ndi Dermovate, amanyenga koposa, pakuti mlungu woyamba nkhope imasalala. Pambuyo pake khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu ndi tsitsi zimamera, ndipo dzuwa likaomba nkhope imathetheka ngati yapakidwa tsabola.

Mercury ndiye woipitsitsa. Kale m'caka ca 1972 madotolo a ku Nairobi anapeza amai otupa thupi cifukwa ca impso zoonongeka ndi mafuta okhala ndi mercury. Poizoni ameneyu amafikanso kwa mwana wa m'mimba ndi woyamwa. Zambia ali m'pangano la Minamata la 2013 lolimbana ndi mercury, ndipo m'caka ca 2023 maiko a m'panganolo anagwirizana zothetsa zodzola zonse zokhala naye pofika 2025. Komatu botolo lopimiridwa pamsika, lopanda dzina la wopanga, silinena zimene lasenza.

Nanga mai wa khungu losacedwa kuyabwa acite ciani? Coyamba ndi mthunzi. Cipewa ca mlomo waukulu kapena ambulera zimathandiza kuposa mafuta a mtengo wapatali, ndipo wokhoza kugula mafuta oteteza ku dzuwa asankhe olembedwa SPF 30 kapena kuposa apo, adzole m'mawa uli wonse. Posamba, sopo wopanda fungo ndi madzi ofunda pang'ono n'zokwanira. Kukhula nkhope ndi mwala kapena cinkhupule, kupaka mandimu kapena mankhwala otsukira mano, zonsezo zimapsereza khungu, ndipo khungu lakuda likapsa limacira ndi banga loposa loyamba.

Kubisa mawanga pa ukwati kapena popita kucalichi si colakwa. Paudala akhale wofanana ndi mtundu wa khosi, osati woyererapo, pakuti woyera amacititsa banga kuoneka lotuwa ngati phulusa. Codzola catsopano ciyambe cayesedwa kuseri kwa khutu masiku awiri kapena atatu. Pakayabwa kapena kutupa, cisafike kunkhope. Usiku paudala yense asambidwe asanagone.

Mawanga akakanika, njira ndi ya kukiliniki kapena ku Kafue General Hospital, kumene angatumize wodwala kwa akatswiri a khungu ku University Teaching Hospital ku Lusaka, mtunda wosakwana makilomita 50. Mai wapakati anene msanga kuti ali ndi pakati, cifukwa mankhwala ena, monga tretinoin, saloledwa pa nthawiyo. Amene wadzola steroid miyezi yambiri atenge kacubuko kukaonetsa dotolo, amuuze kasiyidwe kake, popeza kuleka mwadzidzidzi kumatukusira nkhope. Ndipo banga limodzi lokha limene likukula, kusintha maonekedwe kapena kucha magazi lisadikire paudala: lipimidwe mlungu womwewo.