Kusankhidwa kupita ku yunivesite ndi chiyambi chabe

Bungwe la NCHE likatulutsa mayina a ana osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, m'midzi mumamveka nthungululu, ndipo mpake. Koma pakatha chaka, ena mwa ana omwewa amabwerera kwawo mwakachetechete atachotsedwa chifukwa cholephera mayeso. Ambiri mwa iwo nzeru ali nazo ndithu. Chimene anasowa ndi munthu wowagwira dzanja m'miyezi yoyambirira.

Taganizirani mtsikana wochokera ku CDSS kumene kunalibe laibulale kapena kompyuta. Anakhoza MSCE poloweza manotsi amene aphunzitsi ankalemba pabolodi. Lero wakhala kumbuyo m'holo yodzaza, mphunzitsi akuyankhula Chingerezi chothamanga, pabolodi osalembapo kanthu. Pomaliza akuuzidwa kuti alembe asainimenti, aitaipe, atchule mabuku onse amene watengamo mfundo. Iye akukopera ndime yonse ya m'buku monga anazolowera, kenako pepala likubwerera ndi ziro, ati waba ntchito ya wina. Madzulo akubwerera ku kachipinda ka lendi ku Chikanda kapena ku Luwinga, mutu uli pa ndalama ya makala ndi ndiwo. Mnzake wochokera ku sukulu ya pulaiveti ya m'tauni zonsezi anazidziwa kale. Awiriwa alemba mayeso amodzi.

Chondipweteka n'chakuti thandizo lilipo. Ophunzira a chaka choyamba amakhala ndi phunziro la luso la chiyankhulo ndi kalembedwe. Kuli ofesi ya mkulu woona za umoyo wa ophunzira, kulinso alangizi. Kuyambira mu 2015 kuli bungwe la HESLGB lopereka ngongole kwa ophunzira osowa. Kudzera mu mgwirizano wa malaibulale wa MALICO, umene unakhazikitsidwa mu 2003, wophunzira angawerenge pa intaneti kafukufuku wochuluka wa akatswiri amene payekha sakanatha kugula. Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, dziko lonse linamva chisoni chifukwa tonse tinkadziwa kuti yunivesite yopanda mabuku siyenda. Koma laibulale ingakhale yodzaza bwanji, singathandize mwana amene amaopa kufunsa kuti buku lakutilakuti lili pashelefu iti.

Vuto lili pa nthawi ndi njira yoperekera thandizoli. Zonse zimanenedwa sabata yoyamba, pamene mwana akusakasaka pogona ndi kufola pamzere wa kalembera. Tsiku limene adzafunedi thandizolo, asainimenti ili m'manja, amakhala ataiwala ofesi yake. Ndiponso mwana amene analeredwa kuti asamayang'ane wamkulu m'maso sangagogode yekha pachitseko cha pulofesa.

Choncho mayunivesite athu, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, asamadikire kuti wophunzira abwere yekha. Mayeso oyamba akangochongedwa, dipatimenti imuitane aliyense amene wagwa, imufunse chavuta n'chiyani, semesita isanafike pakati. Maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka laibulale ndi kompyuta abwerezedwe sabata imene asainimenti yoyamba yaperekedwa, m'timagulu ting'onoting'ono, aliyense ali pa kompyuta yakeyake. Ophunzira akhama a chaka chachitatu ndi chachinayi apatsidwe kangachepe kuti azithandiza achaka choyamba, pakuti mwana amamasuka kufunsa mnzake, ngakhale m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, funso limene sangayerekeze kufunsa m'holo. Aphunzitsi amate pachitseko maola amene amapezeka mu ofesi, ndipo azipezekadi. Ndalama ya ngongole nayo izifika semesita ikamayamba, chifukwa wanjala sawerenga. Zambiri mwa izi sizifuna nyumba yatsopano kapena ndalama za mayiko akunja. Zimafuna kuti wina aike mtima pa dzina lililonse lili m'kaundula.

Kwa inu ophunzira, safunsa anadya phula. Pitani kwa ogwira ntchito mu laibulale muwauze mutu wa asainimenti yanu, chifukwa ntchito imene anaphunzira ndi imeneyo. Pemphani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Lowani m'gulu lokambirana maphunziro sabata zoyambirira zomwe, osadikira kuti ndandanda wa mayeso utuluke. Mtima ukalemera ndi nkhawa, kaonaneni ndi mlangizi zinthu zisanafike poipa. Inunso makolo, mukamaimba foni musamangofunsa ngati mwana akukhoza. Mufunseni phunziro limene likumuvuta, ndiponso ngati wauzako aliyense.

Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ndipo ana ambiri okhoza bwino amatsala kunja chaka ndi chaka. Mwana amene wapeza malo amenewa waonetsa kale kuti angathe. Yunivesite imene yamulandira ili ndi udindo woonetsetsa kuti wafika pa tsiku lolandira digiri.